Sipuni ya Madzi Pambuyo pa Roketi

A Davlatyor, omwe ankaphunzitsa masamu pasukulu yathu ya ku Isfara asanapume pantchito, anatha nyengo yonse yozizira akumata roketi yogula m'katoni, yofanana ndi yeniyeni koma yochepetsedwa kazana, yotalika ngati mkono, ndipo injini yake inali imodzi yokha. Tsiku loiulutsa anandiitana kubwalo la mpira kuti ndikagwire batire, poti chimwalirireni mkazi wanga anthu amakonda kundiitana kukagwira zinthu, ndipo tinapeza mlamu wawo, mayi Mehriniso, atafika kale ndi ndowa yodzaza madzi.

"Yozimitsira moto?" anafunsa a Davlatyor. "Mwaganiza bwino, alamu."

"Ndi ya wapaulendo." Kwathu kuno munthu akamanyamuka ulendo timathira madzi pambuyo pake kuti adzabwerere.

A Davlatyor anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana ine.

"Ndani akuchoka?"

"Chimenecho," anatero mayi Mehriniso, kuloza roketi ndi chibwano.

"Imeneyi ndi roketi. Mulibe munthu."

"Nanga mawindowo munapentera ndani?"

"Analipo pachithunzi."

"Ikuchoka kapena sikuchoka?"

"Ikuchoka."

"Mukufuna ibwere?"

"Ibwera. Ili ndi palachuti. Ndapinda ndekha, ndawazaponso ufa wopaka ana kuti isamatane."

"Achimwene anunso anali ndi tikiti yobwerera."

Apa a Davlatyor anakhosomola. Mkulu wawo, a Nazarali, amuna a mayi Mehriniso, anapita ku Rasha kukamanga nyumba za anthu, ndipo mpaka lero akumangabe.

"Tsiku limene ankachoka mpopi unali wouma," anapitiriza mayiwo. "Pambuyo pawo ndinangothira tiyi wotsala m'kapu. Chinabwera n'chiyani?"

"Chipewa."

"Chipewa. Anachita kutumiza ndi munthu."

"Chabwino," anatero a Davlatyor, nagwada pafupi ndi roketi. "Madziwo amathiridwa pati?"

"Pambuyo. Mwabadwa lero?"

"Pambuyo pake ndi apa. Apa pali injini ndi mawaya awiri. Injiniyi ndi pepala ndi wonga. Ikanyowa, zatha. Ina ndilibe, ndipo m'tauni muno saigulitsa."

"Iii, alamu. Munthu akamachoka mumamuthira m'thalauza? Mumathira pamene wadutsa."

"Sidutsa pansi. Idutsa m'mwamba."

"Ndiye ndiwaza m'mwamba."

"Madzi owazidwa m'mwamba amagwera pansi."

"Agwe."

"Pansi pali aneba athu ndi batire."

Mayi Mehriniso anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Auma," anatero.

A Davlatyor anaimirira, nasasa fumbi m'maondo. Anayenda mozungulira ndowa ija manja ali kumbuyo, monga ankachitira pozungulira mwana wosalemba ntchito ya kunyumba.

"Mwambowu umati ndowa imodzi pa wapaulendo mmodzi?"

"Yodzaza."

"Wapaulendo wamsinkhu wake wonse?"

"Amene akuchoka."

"Uyu wachepetsedwa kazana. Mapiko kazana, mawindo kazana, ngakhale zilembo za m'mbalimu. Ndiye madzinso achepe." Anatulutsa m'thumba sipuni yaing'ono imene ankatakasira penti.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndowa yake. Kunena zoona, tikachepetsa m'litali, m'lifupi ndi kuya, likuyenera kukhala dontho. Ndaonjezera chifukwa ndinu achibale."

"Mukufuna kupusitsa ndani ndi sipuni?"

"Sindikupusitsa munthu. Ndawerengera."

"Ndowa."

"Sipuni."

"Ndasenza ndowayi kuchokera kunyumba, alamu. Msana wanga suja mumaudziwa uja."

"Ndikunyamulirani pobwerera."

"Yodzaza?"

"Kuchotsapo sipuni imodzi."

Mphepo inayamba kugwedeza kansalu kamene a Davlatyor anamangirira pagolo kuti aziona kolowera kwake, ndipo iwo anakayang'ana ndi nkhope ya munthu amene mphika wake ukupserera kunyumba.

"Mukakana," anatero a Davlatyor, "ndiilongedza. Ndidzaiulutsa Lachisanu muli kumsika."

Mayi Mehriniso analanda sipuni ija, naipukuta ndi nsonga ya mpango wawo, natunga madzi mosamala.

"Ndikuthira," anatero, "koma ndanena."

Tinasunthira kumbuyo. A Davlatyor anawerenga chobwerera m'mbuyo ndi mawu awo a m'kalasi, ine ndinagunditsa waya. Roketi inalira ngati nsalu ikung'ambika, ndipo pamene inaima panatsala utsi wokha. Mayi Mehriniso anapita pomwepo nakhuthula sipuni yawo, ngati akumwetsa mankhwala mbuzi ya eni.

Kumwambako kunamveka kaphokoso, palachuti yofiira inatambasuka.

"Mwaona?" anatero a Davlatyor. "Ufa uja."

"Ndaona. Ikupita kuti?"

"Ikutsika."

"Ikutsikira kwa ndani?"

Palachuti inadutsa pamwamba pa golo, inadutsa minda ya zipatso za maapurikoti, inaoloka mtsinje, ikucheperachepera mpaka inangokhala ngati kachiphuphu paphiri. Kenako kanthu kena kanatsika kakuzungulira, kanagwa pakati pa awiriwo. A Davlatyor anakatola, nakaika pachikhatho.

"N'chiyani?" anafunsa mayi Mehriniso.

"Phiko."

"Limodzi?"

"Limodzi."

"Ndi gawo lanji la roketi yonse?"

A Davlatyor ndi munthu woti akafunsidwa funso amayankha. Anakweza chikhatho, nachitsitsa, nachikwezanso.

"Pakulemera kwake, pafupifupi limodzi mwa magawo zana."

"Munawerengera bwino, alamu."

"Guluu anali wakale."

"Chipewa chija chinalinso chakale."

A Davlatyor anaika phiko m'thumba la malaya, namanga bwino zingwe za nsapato.

"Ndikukaifuna."

"Kutsidyako n'kutali. Kulinso agalu a abusa a nkhosa."

"Ndaona pamene yagwera."

"Achimwene anunso ankadziwa kumene akupita."

A Davlatyor anayamba kuyenda molunjika kumtsinje, anadutsa pakati pa bwalo, anafika pagolo. Pamenepo anaima, osatembenuka.

"Alamu," anaitana.

Mayi Mehriniso anaviika sipuni m'ndowa, naikweza kuti aione akacheuka.

"Ndowa," anatero a Davlatyor, akuyang'anabe kuphiri. "Ine sindinachepetsedwe."