Nsalu Yoperekedwa ndi Dzanja Lamanzere

Pasukulu yathu yophunzitsa kujambula makatuni kuno ku Kumasi, ine ndimaphunzitsa za mawu omveka mu filimu, ndipo tebulo langa lagundana ndi la a Twumasi, munthu amene anakaphunzira kunja miyezi isanu ndi umodzi koma watha zaka khumi ndi ziwiri akutikumbutsa zimenezo. Lachisanu lija, 2 koloko itangokwana, Oforiwaa anawabweretsera filimu yake yomalizira sukulu kuti asainire, poti filimu yosasainidwa pofika 4 koloko sionetsedwa pa tsiku la masatifiketi, ndipo mwini wake amabwereza chaka.

Mtsikanayu asanabwere kuno anali telala kumsika wa Kejetia. Ukamuuza kuti dula apa, amadula pomwepo.

"Aphunzitsi, ndaitembenuza monga munanenera."

"Eya. Yatsa tione," anatero a Twumasi akusenda mtedza.

Filimuyo ndi ya mphindi imodzi, ndipo anatiyatsira ya mizere ya pensulo yokha, mitu ngati mazira. Mwamuna wina akutsika minibasi, ayenda mpaka pakhomo, agwirana chanza ndi akuluakulu atatu, kenako apereka nsalu yatsopano kwa mayi wachikulire.

"Waona? Tsopano ndiye yakhala filimu! Wochoka kwawo amayenda kulowera kumanja. Wobwerera kwawo amalowera kumanzere. Diso la munthu linalengedwa choncho."

"Inde, aphunzitsi. Koma nsalu akupereka ndi dzanja lamanzere."

"Ndani?"

"Wobwerera kwawoyo."

"Ei! Unamujambuliranji wopanda mwambo chonchi?"

"Ine ndinamujambula akupereka ndi lamanja. Inu munati nditembenuze filimu yonse pakompyuta ngati pagalasi. Manja nawo atembenuka."

"Ndinkanena ulendo, osati manja."

Oforiwaa anatsegula kope lake. "Lachiwiri. Ndinafunsa kuti, yonse? Munati: 'Yonse, Oforiwaa, ndipo usandifunsenso.'"

"Tseka kopelo."

Anatseka.

"Dzanja limodzi lokha silingagwetse filimu."

"Si limodzi, aphunzitsi. Akuluakulu aja wagwirana nawo chanza ndi lamanzerenso, komanso wayambira wa kumanzere m'malo mwa wa kumanja. Onse atatu nsalu zawo aponya paphewa lamanja m'malo mwa lamanzere. Dalaivala wa minibasi wakhala pampando wa wokwera."

"Basi?"

"Mawu a paminibasi aja akuti Mulungu Sagona akuwerengeka chafutambuyo."

"Zimenezo ndi zing'onozing'ono. Owonera sayang'ana manja, amayang'ana nkhani."

"Amayi anga amayang'ana manja. Akubwera ndi azakhali anga awiri, asoketsa kale madiresi ofanana."

"Amayi ako anaphunzira za filimu?"

"Ayi, koma anandimenyapo ndi chipande nditalandira mchere ndi lamanzere."

A Twumasi anapukuta magalasi awo ndi tayi, chizindikiro choti nzeru zakunja zija zili m'njira.

"Chabwino. Jambulanso dzanja lokhalo pomwe akupereka nsalu. Zina zonsezo tiziti ndi luso."

"Sekondi imodzi ndi zithunzi khumi ndi ziwiri. Popereka nsalu ndi masekondi asanu ndi anayi. Ndiye kuti zithunzi 108. Ine ndimatha zinayi pa ola."

"Ndiye?"

"Ndimaliza mawa 5 koloko madzulo, ndikapanda kudya."

"Asa! Ndiye libise dzanjalo. Ojambula enieni amabisa. Uli ndi mbuzi ija unajambula chaka choyamba?"

"Ilipo."

"Idutse kutsogolo kwawo, itchinge manja."

Oforiwaa anaifufuza mbuziyo m'kompyuta, n'kuima chala chili m'mwamba.

"Ilowere kuti, aphunzitsi?"

"Kulikonse!"

"Ikalowera kumanja ndiye kuti ikuchoka pakhomo. Anthu adabwa kuti mbuzi ikuthawa, akuluakulu atatu angokhala osaithamangitsa."

"Ilowere kumanzere."

"Ndiye kuti ikubwerera kwawo. Inali kuti? Munati aliyense wobwerera, owonera ayenera kudziwa kumene akuchokera."

"Ndi mbuzi, mwanawe! Ingoima pomwepo!"

"Munati chinthu chikaima masekondi opitirira awiri mu filimu, ndiye kuti chafa."

"Ndinatero ine?"

Anayamba kutsegula kope.

"Usatsegule!"

"Ndiye tiike mbuzi yakufa kutsogolo kwa mayi amene akulandira mphatso?"

Ine ndinanamizira kukhosomola. A Twumasi anandiyang'ana ngati ndine ndapha mbuziyo.

"Isiye mbuzi. Munthuyo angopepesa. Tonsefe dzanja lamanja likakhala ndi supu timapereka ndi linalo n'kunena kuti pepani ndi lamanzere. Anene zomwezo."

"Munati filimu yomaliza ikhale yopanda mawu. Nkhani ioneke ndi maso, wolankhula mumuchotsera mamalikisi."

Lamulo limenelo ndimalidziwa bwino, poti ndi lomwe limandikhazika chaka chonse osagwira ntchito. Kunena zoona, linanditsekemera pomwe linaluma mwini wake.

"Ndiye tionetse ndi maso! M'mange bandeji dzanja lamanja. Wavulala, n'chifukwa chake akupereka ndi linalo."

"Wavulala liti? Potsika minibasi wanyamula nalo chikwama."

"Wavulala m'njira."

"Ndijambule ngozi?"

"Ayi!"

"Ngozi yosaoneka, aphunzitsi, tifunika tiinene ndi mawu. Komanso bandejiyo ndi zithunzi 108 zomwe zija."

A Twumasi anaimirira, n'kuzungulira tebulo, n'kukhalanso pomwe anachoka. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti filii.

"Tamvera, Oforiwaa. Vuto la ana inu ndi mantha. Mumaopa azakhali, mumaopa chipande. Wojambula weniweni saopa munthu. Mwambo ndi wa pabwalo, filimu ili ndi malamulo ake. Kumene ndinaphunzira ine..."

"Aphunzitsi, yoyamba ija ilipo. Kuibwezera ndi kungodina kamodzi."

"Kuti munthu wobwerera kwawo azilowera kumanja? Dzina langa lili pansi pake? Bola ndisiye ntchito."

"Ndiye ndisankhe chiyani? Ndikaibwezera simusaina, ndibwereza chaka. Ndikaisiya chonchi, amayi atuluka m'holo azakhali ali pambuyo."

"Atuluka, koma atuluka mu filimu yolondola."

Mtsikanayo anayamba kupotokola chivindikiro cha cholembera. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri. Miyezi isanu ndi itatu wakhala akuwerama patebulo lija, mpaka pachala pake panamera chikundu, ndipo chilichonse chomwe anauzidwa anachita. Cholakwa chake chinali kumvera basi.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Sainani yotembenuzayi."

"Wakula tsopano. Yatsa yamitundu, ya nkhope, ndione yomaliza ndisanasaine."

Anadina. Mazira aja anamera maso, mphuno ndi makutu. Mwamuna wotsika minibasi uja anali ndi dazi lonyezimira, magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, ndi tayi yofiira masana dzuwa likuswa mtengo.

A Twumasi anasiya kutafuna.

"Uyu ndani?"

"Ndinu, aphunzitsi."

"Ine? Wandiikamo bwanji?"

"Munati tisamapeke nkhope m'mutu, tizijambula anthu amene timawaona tsiku ndi tsiku. Inu ndimakuonani tsiku ndi tsiku."

"Bwanji sunandionetse?"

"Munati tisamakubweretsereni nkhope mpaka tsiku lomaliza, poti nkhope imabisa kuyenda koipa. Lero ndi lomaliza."

Pamenepo a Twumasi a mu filimu anali atanyoza kale akuluakulu atatu ndi dzanja lamanzere, akumwetulira, ndipo anali kulowera kwa mayi wachikulire uja. Mayiyo anatukula nkhope. Duku lalikulu lagolide, kachilema pachibwano, ndi diso lija limene limatiimitsa tonse akamadutsa pakhonde.

"Nanga... nanga awa?"

"Ndi Maame Dufie. Nawonso ndimawaona tsiku ndi tsiku."

Maame Dufie ndi eni ake a sukulu ino. Ndi amenenso anabereka akazi awo a Twumasi. Pa tsiku la masatifiketi amakhala pampando wakutsogolo, pakati penipeni, ndipo savala magalasi chifukwa sawafuna.

"Ndiye kuti ine... ndikupatsa apongozi anga nsalu... ndi lamanzere?"

"Masekondi asanu ndi anayi, aphunzitsi. Poyamba anali atatu. Munati pamenepa pachedwe kuti owonera aonetsetse."

"Chotsa nkhope yangayo!"

"Filimu yonse? Zithunzi 720."

"Chotsa nkhope zonse, abwerere kukhala mazira!"

"Munati yopanda nkhope ndi yosamaliza, simusaina."

"Bweretsa mbuzi ija!"

"Yamoyo kapena yakufa?"

A Twumasi anandiyang'ana ine kufuna thandizo. Ine ndinawalozera wotchi. Kunatsala mphindi zisanu ndi chimodzi.

"Ndikumvetsa kuti simukuopa, aphunzitsi," Oforiwaa anatero ndi mtima wonse, wopanda chinyengo ngakhale pang'ono. "Ndikawauza Maame Dufie kuti mwambo ndi wa pabwalo. Ndikanena kuti mwatero ndinu."

"Usakanene kanthu kwa munthu!"

Anavula magalasi, n'kuyang'anitsitsa pakompyuta kwa nthawi ndithu. Kenako ndinaona nkhope yawo ikuwala pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza makiyi m'thumba lomwe anafunamo kale. Anakoka pepala lija n'kusaina ndi dzanja lamanja, mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola.

"Oforiwaa, munthu uyu akupita kwa yani?"

"Kwa Maame Dufie."

"Maame Dufie ndi ndani kwa iyeyu?"

"Apongozi ake."

"Ndiye munthu wopita kwa apongozi akubwerera kwawo? Akuchoka kwawo ameneyu! Wochoka amalowera kumanja, ndakhala ndikukuphunzitsani zaka zitatu! Ibwezere msanga. Kodi ndani anakuuza kuti uitembenuze?"