Bulashi ya Penti Wachikasu

Mayi Vandermolen, eni galaja ino ndiponso bwana wathu. Bambo Dombrowski, eni tsiku lalero, amene tonse timangoti a Merle. Mayi Arlene, akazi awo a Merle, amene mwapirira fungo la oyilo wa m'difu m'nyumba mwanu kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Ana ndi adzukulu. Makasitomala athu, amene mwabwera ngakhale msewu wa ku Saginaw ukuterera chonchi. Ndi inu amakaniko anzanga, amene lero ndakuonani koyamba muli ndi zikhadabo zoyera. Moni nonse.

Ine ndine Rhonda. Ndaima pambali pa a Merle pa tebulo la maekiselo kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Iwo anandiuza kuti ndisalankhule nthawi yaitali. Lero sindiwamvera.

Adzukulu, ndiyambe ndi inu. Mwina mumaganiza kuti agogo anu amakonza magalimoto. Ayi. Magalimoto amabwera muno, aja amphamvu a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, eni ake safuna kuti akhale abwino kuposa kale. Amafuna akhale ndendende mmene analili tsiku lotuluka m'fakitale. Anzathu anasankha injini, ena penti wonyezimira wa pamwamba. Agogo anu anasankha kunsi. Ekiselo ya mawilo akumbuyo, difu, lija bokosi la magiya la pakati pa ekiseloyo, ndi shafti yobweretsa mphamvu kuchokera kutsogolo. Malo oti munthu sawaona pokhapokha galimotoyo itamugunda.

Ndiulule chinthu chimodzi msanga. Mu Malichi chaka chino, Mayi Vandermolen anandiitana mu ofesi. Anati, "Rhonda, a Merle akapuma, tebulo la maekiselo titseka." Bwana, sindikukunenani. Munanena zoona. Mabokosi a maekiselo oti tikonze amachokera kutali, ku Texas ndi ku Oregon komwe, ndipo pamwamba salembapo dzina la galaja. Amalemba kuti Merle. Iwo akachoka, ndani atumizanso? Ndinatuluka mu ofesimo. Tebulo limenelo ndi moyo wanga. Sungani zimenezo, ndibwereranso.

A Merle ali ndi makhalidwe awo. Ekiselo ikafika, ife timathamangira sipanala. Iwo amayamba ainunkhiza. Amatsegula difu, n'kulowetsa chala, n'kununkhiza oyilo, maso atatsinzina. Kenako amati, "Uyu anamusintha kamodzi, ndipo womusinthayo anali waulesi." Bawuti yadzimbiri sataya. Tayani bawuti m'bini muone, mawa muipeza pa tebulo panu itatsukidwa, ikukudikirani. Nkhomaliro yawo ndi imodzimodzi chibwerere: buledi, soseji, mpiru wopaka, zonse m'kabokosi kachitsulo kakuda kaja kamene kanali ka bambo awo. Ndi ako kali apo, abwera nako ngakhale kuphwando lawo lomwe.

Tsiku lina kunabwera kasitomala, chifuwa patsogolo. Anati, "Ekiselo iyi ndi yobadwa nayo galimoto yanga, palibe anaikhudzapo." A Merle anapala dzimbiri pang'ono, n'kuwerenga tsiku limene chitsulocho chinaumbidwa. Anati, "Bwana, galimoto yanu inatuluka mu Januwale. Chitsulo ichi anachiumba mu Epulo. Inuyo munayamba kuyenda amayi anu asanabadwe?" Bamboyo anachoka atakwiya. Patapita sabata anabweranso ndi madonasi.

Koma musaganize kuti anabadwa akudziwa. Mayi Arlene anandinong'oneza nkhani iyi, ndiye a Merle musandiyang'ane choncho, kafunseni kunyumba. Ekiselo yawo yoyamba yopita kuchionetsero cha magalimoto akale anaipala, anaisalaza, anaipaka penti kasanu. Inkanyezimira moti munthu ukanatha kumeterapo ndevu. Anapita nayo akuyenda mothimbwidzika. Woweruza anagona pansi pa galimoto, anayang'ana, n'kutuluka. Anati, "Mnyamata, yokongola kwambiri. Kufakitale kunalibe munthu wa nthawi yochitira zimenezi." Anawachotsera malikisi chifukwa chogwira ntchito bwino mopitirira.

Kuyambira tsiku limenelo anaphunzira chimene atiphunzitsa tonse. Pansi pa galimoto yatsopano pankakhala penti wodontha, manambala olemba ndi choko, mizere yamitundu pa shafti, ndi kachizindikiro ka penti wachikasu pa difu, kopakidwa mothamanga. Kubweza galimoto pachiyambi ndi kubweza zonsezo, pamalo pake, ndi kupindika kwake komwe. Nchifukwa chake kuseri kuja kuli mabokosi a nsapato odzaza zithunzi. Lamulo lawo loyamba ndi loti usanatsuke, jambula.

Tsopano kulakwa kwanga. Sabata yanga yachiwiri muno. Kunabwera ekiselo ya galimoto ya 1970, yoti inakhala m'khola la ng'ombe zaka zambiri. A Merle anapita kwa dokotala wa mano. Ine ndinati ndiwasangalatse. Ndinatenga mankhwala otsukira ndi nsanza, n'kuyamba kukwecha. Pansi pa girizi ndinapeza kachikasu kopindika, kodontha. Ndinati, uve wanji uwu? Ndinakwecha mpaka kanatheratu. Ndinaima pambali ndikumwetulira, kudikira kuyamikiridwa.

Atabwera anayang'ana ekiselo ija. Anayang'ana nsanza m'manja mwanga. Anafunsa, "Unajambula?" Ndinati, "Kujambula chiyani?" Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga kabokosi kawo kakuda n'kukadyera m'galimoto mwawo, kunja kukuzizira.

Mawa lake ndi pamene anandiuza. Bambo awo ankagwira ntchito pamzere wa maekiselo m'fakitale chaka chomwecho. Ntchito yawo inali kuyesa ngati mabawuti amangidwa mokwanira, kenako kupaka kachikasu kaja. A Merle anati, "Rhonda, kameneko si uve. Ndi munthu akunena kuti ndayang'ana, zili bwino, kwezani ana anu." Kaya kamene ndinapukuta kanali ka bambo awo kaya ka mnzawo wapamzere, sitidzadziwa. Ndinakapukuta ndine. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Anandikhululukira. Anandiphunzitsa zonse. Kulinganiza mano a magiya kuti difu isalire, kusankha wakuda woyenera pakati pa akuda asanu ndi awiri amene inu ndi ine timaona ngati amodzi, kuyeretsa chitsulo osachinyezimiritsa. Koma bulashi ya penti wachikasu, ayi. Zaka makumi awiri ndi chimodzi sindinaikhudze. Ekiselo iliyonse ndinkaimaliza ine, iwo n'kubwera ndi bulashi yawo, pha, n'kubwerera. Ndikati ndiyeseko, ankangoti, "Iwe gwira nsanza, ndi imene umaidziwa." Mukuseka. Ine sindinkaseka.

Tibwerere ku chaka chino. Ntchito yawo yomaliza inali galimoto ya Bambo Ledbetter, ali apowo avala chipewa chofiira. Nayonso ya 1970, yopita kuchionetsero chachikulu cha ku Chicago mu Novembala. Tinaphwasula zonse, tinajambula zonse, tinamanga zonse. Kunatsala kachikasu kokha.

A Merle, mundilole ndinene izi, chifukwa tonse tinaona. Munatenga bulashi, n'kuyesa kaye pa katoni monga mwa nthawi zonse. Dzanja linanjenjemera. Munayesanso. Linanjenjemeranso. Munatsuka bulashi, n'kuibweza m'chitini chake. Aliyense anapeza chochita mwadzidzidzi, wina anayamba kusesa pamalo posesa kale.

M'mawa mwake ndinapeza bulashi ija pa tebulo panga. Panalibe kalata, panalibe mawu. Pambali pake panali mulu wa mapaipi akale oyeserapo.

Ndinayesa masiku atatu. Ndinkaika chithunzi patsogolo, n'kumatsatira pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Iwo ankadutsa, n'kuyang'ana. "Ukukongoletsa keke ya ukwati?" Ndinayesanso. "Iyi ndi kalata yofunsira ntchito." Tsiku lachinayi ndinatopa nawo. Ndinati, "Ndiye mukufuna chiyani kwenikweni? Ndafanizira ndendende." Anati, "Vuto ndi lomwelo. Iwe ukufanizira. Bambo anga sankafanizira munthu. Anali ndi theka la mphindi pa ekiselo iliyonse, magolovesi m'manja, msana ukuwawa, ina ikubwera kale kumbuyo."

Anavula wotchi yawo. Anandiimika pa ekiselo yeniyeniyo, ya Bambo Ledbetter, yoti tinaigwirira ntchito miyezi inayi. Anandiveka magolovesi okhuthala. Anati, "Yesa mabawuti onse. Ukamaliza, paka. Yamba." Ndinayamba kuyesa. Iwo ali m'khutu mwanga. "Ina ikubwera. Fulumira. Kapitawo akukuyang'ana. Ina ikubwera." Ndinapsa mtima zenizeni. Bawuti yomaliza itagwira, ndinaviika bulashi n'kumenya, pha, maso ali pa iwo, osati pa chitsulo.

Kachikasu kanatuluka kopindika. Dontho linayamba kutsetsereka. Dzanja langa linapita lokha ku nsanza. Iwo anandigwira pamkono. Dzanja lonjenjemeralo linandigwira mwamphamvu. Anati, "Usakhudze." Tinaima tonse awiri kuonerera dontho lija mpaka linaima lokha. Sananene kuti wachita bwino. Anangoti, "Tsuka bulashiyo, ingaume."

Ku Chicago mtima unali m'mwamba. Woweruza wa kunsi kwa galimoto anali Bambo Stegman, amene akhala akuona ntchito ya a Merle kwa zaka makumi atatu. Munthu wosaseka. Anagona pansi ndi tochi ndi kagalasi kake. Anakhalitsa. Ine ndinkangoona nsapato zawo. Anthu anali atazungulira, eni magalimoto, aja olemba Merle pa mabokosi. Mayi Vandermolen anali pambali panga.

Atatuluka anadzikuntha fumbi. Anati, "Palibe chochotsera." Kenako anatembenukira kwa a Merle, "Kachikasu kako kaja ndingakadziwe ngakhale ndili m'tulo. Ukapuma, dzanja limeneli lipita nawe. N'zomvetsa chisoni."

Apa ndi pamene ndikufuna ana ndi adzukulu mumvetsere. Akanatha kukhala chete. Inali galimoto yawo yomaliza, ulemu wawo womaliza, pamaso pa anthu onse owadziwa. Ine sindikanatsegula pakamwa, ndipo sindikanawasungira chakukhosi. Koma munthu uyu, woti amalankhula chapansipansi mpaka timachita kumufunsa kawiri, anakweza mawu kuti onse amve. Anati, "Si dzanja langa. Langa linatha. Ekiselo yonseyo wamanga ndi Rhonda, kachikasuko wapakanso ndi Rhonda. Ine ndinangogwira wotchi. Pa mabokosi anu muzilemba dzina lake, kalembedwe kake ndi kosavuta."

Ndinalira. Pakati pa amuna onse aja, ndi magalimoto onyezimira, ndinalira ngati mwana. A Merle anandipatsa nsanza ya m'thumba mwawo, yagirizi, n'kunena kuti, "Apa ndiye ungapukute."

Mukatuluka, suzumirani kuseri kwa chitseko chachikulu. Pali mabokosi atatu afika mwezi uno. Onse alembedwa dzina langa, limodzi analakwitsa kalembedwe, koma ndalikhululukira. Lolemba lapitali Mayi Vandermolen anandiuza kuti tebulo silitsekedwa. Zikomo, bwana.

A Merle, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu mwagona pa simenti yozizira, mukukonza zinthu zimene anthu ambiri sadzaziona. Simunabisepo bawuti yolakwika pansi pa penti. Munatiphunzitsa kulemekeza anthu amene sitinawaonepo, aja anaima pamzere ife tisanabadwe. Ine munandipatsa ntchito kawiri, tsiku limene simunandichotse ndi tsiku lija ku Chicago. Ndilibe mawu okwanira. Zikomo.

Kapumeni. Kawedzeni nsomba pa madzi oundana aja mumawakonda, kakhaleni m'kanyumba kanu ka kumpoto, adzukulu akusokosereni. Foni yanu ndili nayo, koma ndiyesetsa kuti ndisaimbe koposa kamodzi pa sabata. Mayi Arlene, chenjezo limodzi. Akafuna kupenta mpanda wa kunyumba, musawalole. Asiya madontho dala, n'kukuuzani kuti ndi mmene unalili poyamba.

Chatsala chimodzi. Muno chinthu sichituluka pakhomo chisanayesedwe. Ndipatsireniko kabokosi kakuda kaja. Musaope, a Merle, ndajambula kale. Bulashi ndi iyi, penti ndi uyu. Ndakuyang'anani zaka makumi awiri ndi chimodzi, mbali zonse, ndipo sindinapeze bawuti yomasuka ngakhale imodzi.

Kachikasu ndi kameneko, pa kabokosi kanu. Kapindika, ndipo dontho likutsetsereka.

Mayi Arlene, bwezani kansaluko. Musakhudze.

Ndayang'ana, zili bwino, angathe kupita. Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja a Merle.