Chipinda Chopanda Masipika

Olemekezeka Wapampando wa komiti, olemekezeka aphunzitsi a nyimbo, amisiri amene mwamanga chipinda chino, amayi ndi abambo, ndi inu a Mawotchi, amene mwabisala kumbuyoko ngati sitikukuonani: ndakulonjerani nonse.

Ndikuthokoza komiti pondiitana, ndipo ndikuthokoza koposa poti mwamanga chipinda choimbiramo chopanda masipika. Ndamva kuti pokambirana nkhaniyi panatsala pang'ono kuti mipando iuluke. Ine ndili kumbali ya amene anapambana, ndipo ndinena chifukwa chake.

Nditangokwatiwa kumene, tinkachita lendi chipinda chogundana ndi kashopu komwe a Mawotchiwa ankakonzera mawotchi. Khoma lake linali lamatabwa. Ine ndi malemu amuna anga tinali olongolola tonse awiri, ndipo tikayamba kukangana panalibe wogonja. Ndiye kuseri kwa khomako gitala inkayamba, popanda ng'oma, popanda wovomereza, munthu mmodzi akuimba nyimbo yopeka yekha ya jekete la bambo ake lotsala pa msomali. Ife tikakweza mawu, a Mawotchi ankatsitsa awo. Mapeto ake amuna anga ankati, "Amayi, tadikirani kaye, ndimveko apa." Nyimbo ikamatha, tonse tinali titatsamira khoma limodzi, mlandu titauiwala.

Musaseke, banja langa linapulumukira pamenepo. Nyimbo yaphokoso imakupeza pomwe uli, koma yotere umachita kuilondola wekha, ndipo poilondolapo umangopezeka wayandikana ndi mnzako. Amuna anga anatsogola, kashopu kaja kanagwetsedwa, ndipo sindibisa, khoma lija ndimalisowa.

Tsono Wapampando andinong'oneza kuti a Mawotchi akana kutiimbira lero. Akuti, "Mawu anatha, mwana wanga. Angandimve ndani?" Gitala yawo abwera nayo, koma akuti tingoipachika pakhomapo izikongoletsa chipinda.

Bambo, ine ndinkakumvani kudzera m'matabwa, mkangano uli mkati. Ndingalephere bwanji lero, mutakhala pamaso panga? Gitalayo pamsomali siipita, zokhala pamsomali ndi majekete a anthu amene anatisiya. Wapampando, abwezereni gitala yawo. Eya, mwaona, adzuka. Enanu nyamulani mipando, osaikwekwesa, musendere pafupi.

Ndi mawu amenewa, motsitsa mawu monga anatiphunzitsira, ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.