Nambala Imene Ndinakana Kuwerenga

Olemekezeka Abusa Jonas Mwanza a mpingo wathu kuno ku Kabwata, olemekezeka a Khansala a dera lino, akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano, mphunzitsi wa sukulu yathu ya makompyuta ba Tryness Njobvu, makolo, ophunzira, ndi inu amene mwaima kumawindo poti mipando yatha, nonse landirani moni.

Ndikuthokoza abwenzi amene atipatsa makompyuta makumi awiri atsopanowa, ndikuthokozanso azibambo amene ataya Maloweruka awo kupenta chipinda chino mpaka chawala chonchi. Koma m'manja mmene munandiwombera poimirira muja mukadasungako kaye, mumve nkhani yanga.

Zaka zinayi zapitazo, ndili wapampando wa komiti ya sukulu ino, ndinapita m'tauni ndi ba Tryness kukasankha makompyuta oyamba. M'sitolomo munali mitundu iwiri, ina yolembedwa i5, ina i7. Ine, munthu amene ndinakalambira m'maofesi a boma, ndinati nkhani yatha: seveni amaposa faifi, ngakhale mwana wa giredi wani akudziwa.

Ba Tryness anandiitanira pambali kuti wogulitsa asamve. "Ba Mvula, onani nambala ili kutsogolo kwa ka dashi. Iyi i7 ni fili sauzande, ni nkhalamba. Iyi i5 ni teni sauzande, yabadwa manje manje. Windows yatsopano siizangena mu yakale."

Ophunzira inu, mvetsetsani zimene ndinakana kumva. Mayina a makinawa ali ndi dongosolo lake. Kuti i5 kapena i7 kuli ngati chiwongo: a Mvula tilipo ambiri, wina gogo, wina khanda. Nambala yotsatirayo ndiyo imanena mbadwo. Ngakhale Windows 98 siiposa Windows 11, chifukwa yoyambayo anaitcha potsata chaka, inayi ayi. Ba Tryness anandifotokozera zonsezi monong'ona, ine ndinayankha mokweza, sitolo yonse ikumva: "Iwe mwana, ndinayamba kutaipa usanabadwe." Tinanyamula ma i7.

Pasanathe chaka, mayeso anafuna Windows 11, makina athu nkuikana, onse khumi. Ophunzira khumi ndi asanu sanalembe. Mmodzi wa iwo, Kasuba wa ku Chilenje, anali atalonjezedwa ntchito pa kiliniki akangobweretsa satifiketi, ndipo ntchitoyo inapita kwa wina. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma ine nkhwangwayo ndinaizinda, inakatera pa munthu wosalakwa.

Akulu a mpingo anafuna lipoti. Lipotilo linati makina anasankha ndi mphunzitsi, ndipo ba Tryness anaimitsidwa ntchito miyezi itatu. Pepalalo likadali mu faelo yawo. Kawiri konse apempha ntchito ku makoleji, kawiri konse makolejiwo afunsa kuno mbiri yawo, ndipo layankha ndi pepala lomwelo.

Pondiitana ku mwambo uno, ba Tryness anandiimbira foni okha. Anati, "Bwelani ba Mvula, ndimwe mweka munaniimilila nthawi ija." Ndinangoti zikomo. Iwo akhala akuganiza kuti ine ndinawateteza, ndi kuti lipotilo analemba ndi mlembi wa komiti yathu amene anasamukira ku Kitwe.

Ba Tryness, ndinalemba ndine. Ndinalilembera pa tebulo langa ku Chelstone, nkumupatsa mlembi kuti angosaina. Ndinaopa kusekedwa kuti munthu wamkulu ngati ine wagonja ndi nambala, ndipo ndinasankha kuti manyazi anga muwasenze inu. Zaka zonsezi mwandipatsa moni mogwada pakhomo la tchalitchi, ine nkumalandira. Ndili ndi manyazi aakulu.

Ndaona ena mwawerama, musawerame, wolakwa ndi amene ali pano kutsogoloyu. M'mawa uno ndapereka kalata kwa Abusa yonena zonsezi, ndipo ndikupempha kuti iwerengedwe Lamulungu mu mapemphero onse awiri, itumizidwenso ku makoleji aja. Kasuba ndikamufunafuna ndekha. Pa komiti ndatula pansi udindo.

Ba Tryness, musandiyankhe pano, anthu asakukakamizeni ndi maso. Pa tiyi mukandidutsa osandipatsa moni, mudzakhala mwachita bwino.

Tsopano, poti ntchito imene munandiitanira ndiyenera kuigwirabe, ndikulengeza kuti chipinda cha makompyuta chino chatsegulidwa. Zikomo kwambiri pondimvera mpaka kumapeto.