Gawo Limodzi Lokha la Petulo

Mmawa wina mu 1934, a Zakeyu, dalaivala wa lole ya pa esiteti, anafika pa sitolo yosungiramo katundu wa esitetiyo atapakira kale mabokosi a tiyi opita ku sitima ku Luchenza. Petulo anali atatsala chitini chimodzi chokha, cha mabotolo makumi awiri ndi anayi, ndipo makiyi ankasunga ndi a Elson, amene anaphunzira samu ku mishoni.

"Thirani, achimwene. Sitima sidikira munthu."

"Bwana anati ndikupatseni gawo limodzi lokha," anatero a Elson. "Wotsalayo ndi wa galimoto yawo, akupita ku boma masana."

"Ndiye thirani gawolo!"

"Sananene kuti limodzi mwa magawo angati. Ine ndati mwa atatu. Mabotolo eyiti."

A Zakeyu anakumbukira sabata yatha pamene lole inawathera petulo pamtunda, bwana n'kuwalonjeza kuti ikadzaimanso abwerera ku khasu.

"Atatu? Mukundiyesa mwana? Ndipatseni mwa anayi."

"Kota?"

"Dzina lake ndilibe nalo ntchito. Anayi ndi ambiri kuposa atatu. Zimenezo ngakhale mbuzi ikudziwa."

A Elson anayeza mabotolo sikisi, nathira m'ndowa. A Zakeyu anasuzumiramo.

"Aaa! Wachepa bwanji?"

"Ndi amene mwapempha."

"Ine ndapempha wambiri!"

"Mwapempha limodzi mwa anayi."

"Chabwino. Mwa eyiti! Tione ngati mundibere pamenepo."

A Elson anatunga mabotolo atatu m'ndowamo n'kubwezera m'chitini.

"Mayo ine! Mukuchotsa?"

"Limodzi mwa eyiti ndi mabotolo atatu."

"Ku mishoni ankakuphunzitsani samu kapena ufiti?"

"Samu Lolemba ndi Lachinayi. Ufiti kunalibe."

A Zakeyu anavula chipewa, nachiponya pansi, nachitolanso.

"Mwa twente-folo! Nambala yonseyo, osasiyako!"

Mabotolo awiri anabwereranso m'chitini. M'ndowa munatsala petulo wongonyowetsa pansi.

"Ameneyu ndikafika naye ku Luchenza?"

"Ayi. Mukafika pa geti."

"Ndiye mukundipatsiranji?"

"Mwapempha."

"Ndikapempha kuti mudziponye m'ng'anjo youmitsira tiyi, mukadziponya?"

A Elson anaganiza kaye. "Za ng'anjo bwana sananene."

A Zakeyu anakhala pa bokosi, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana ndowa, nayang'ana chitini, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Kenaka anadzuka pang'onopang'ono.

"A Elson. Ndikati mwa awiri?"

"Hafu. Mabotolo twelofu."

"Twelofu! Awiri okhawo?"

"Ogawana akachepa, gawo limakula."

"Nanga bwanji simunanene kale?"

"Simunafunse."

"Hoo." A Zakeyu anavala chipewa bwinobwino. "Nanga ndikati limodzi mwa limodzi?"

"Chimenecho ndi chitini chonse."

"Koma ndi magawo angati?"

A Elson anawerenga pa zala, chala chimodzi n'kuima chokha. "Limodzi."

"Bwana anati angati?"

"Limodzi lokha."

"Ndiye mukufuna kuphwanya mawu a bwana?"

"Ine? Sindinaphwanyepo chiyambire."

A Elson ananyamula chitini n'kukhuthulira yense m'thanki ya lole, nagogoda ndi pansi pomwe kuti pasatsale dontho. A Zakeyu anathiramo wa m'ndowa uja, napukusa chitsulo cholizira injini, lole n'kuyamba kunjenjemera. Apo m'pamene a Elson anasuzumira m'chitini chopanda kanthu, nkhope n'kugwa.

"A Zakeyu! Nanga bwana akabwera ndiwapatsa chiyani?"

A Zakeyu anatulutsa mutu pawindo, lole ikuyamba kuyenda.

"Apatseni limodzi mwa handiredi, achimwene. Munthu wamkulu, nambala yaikulu!"