A Ndiyambamawa ndi Nsomba Yamiyendo

Mkazi wawo atanena kuti watopa ndipo akubwerera kwa makolo ake, a Ndiyambamawa, bambo amene sofa ya pabalaza inkawadziwa kuposa bwana aliyense, anachita zodabwitsa: anadzuka. Anamutengera mayiyo, telala wosakhulupirira chinthu asanachiyeze ndi tepi, kunyumba yosungiramo mafupa a nyama zamakedzana, ati akaone ndi maso ake kuti cholengedwa chimasintha.

"Mayi a ana, tayang'anani apa," anatero bamboyo akuloza mwala wa m'galasi. "Iyi inali nsomba wamba. Taonani, miyendo!"

"Yafa."

"Inde yafa, koma yafa itasintha!"

Mayiyo anawerama n'kuwerenga kachikwangwani, chala chikutsata mzere. "Apa alemba kuti zinatenga zaka mamiliyoni ambirimbiri."

"Mwaonatu! Inu mwandipatsa mpaka Lachisanu."

"Inali ndi mkazi?"

"Ndani?"

"Nsombayi. Zaka zonsezo ankaiphikira ndani?"

"Aa, zimenezo sanalembe."

"Sanalembe chifukwa mkaziyo anapita kwawo."

"Iyayi, simukumvetsa. Nsomba siingodzuka n'kuyamba kuthamanga. Imayamba chonchi." A Ndiyambamawa anagona chafufumimba pasimenti, manyazi atawasiya pakhomo. "Pang'onopang'ono. Mukuona?"

"Ndikuona mwagona momwe mumagonera kunyumba."

"Chigongono, mayi! Yang'anani chigongono!"

Mayiyo anachotsa tepi m'khosi, nayeza kuchokera pakhoma kufika pamphuno ya mwamuna wake. Anadikira kaye, nayezanso. "Simunasunthe."

"Kusintha kwenikweni sikuoneka ndi maso."

"Ndiye mwandibweretsera chiyani kuno?" Anabwerera pakachikwangwani kaja. "Komanso alemba kuti imene inayenda pamtunda si nsomba yomweyi ayi. Ndi zidzukulu za zidzukulu zake."

"Bola mtundu unapita patsogolo."

"Ndiye ntchito adzayambe ndi adzukulu athu?"

"Ee, ana a masiku ano ndi ochangamuka."

Bamboyo ataona kuti nsomba yawagulitsa, anadzuka, kusasa fumbi, n'kumukokera mkaziyo m'chipinda china. Kudenga kunkalendewera mafupa a namgumi, aatali kuposa basi.

"Nanga uyu? Makolo ake ankayenda pamtunda ndi miyendo inayi. Khama limenelo!"

"Alemba kuti kenako anabwereranso m'madzi."

"Anaona kuti kumtunda kulibe ulemu."

"Ngati inu chaka chatha, pa ntchito ya ulonda ija?"

"Bwana uja ankalankhula mokweza, ine ndikupuma!"

"Nanga miyendo ili kuti?"

Anaifunafuna mpaka anaipeza: timafupa tiwiri tolendewera pawaya chakumchira. Mayiyo anatiyang'ana, kenako anayang'ana miyendo ya mwamuna wake, n'kuyambanso kutambasula tepi.

"Musandiyeze! Yanga ilipo!" Anaponda pansi kawiri kuti imveke.

Apa mantha anawagwira ndithu, poti mkaziyo sankaseka. Anathamangira m'chipinda chomaliza, momwe munaima chibuluzi chamano ngati mipeni, mutu wake ukugunda denga.

"Uyu ndiye mwamuna! Mutu wa banja! Mukuganiza kuti alipo anamuuzapo kuti dzukani mukasake ntchito?"

"Timanja take n'tatifupi. Sitingafike ngakhale m'thumba."

"Ankalamulira dziko lonse!"

"Alemba kuti anatha psiti."

"Unali mwala, mayi! Chimwala chinagwa kuchokera kumwamba! Imeneyo ndi ngozi, si ulesi. Ukhale pansi, uimirire, mwala ukafuna kukugwera ukugwera basi. Ndiye munthu n'kuvutikiranji?"

"Paja tabwera kudzaona kuti cholengedwa chimasintha?"

"Chimasintha! Koma osati mokakamizidwa."

Mayiyo anawerenga kachikwangwani komaliza mpaka pansi, kenako anapinda tepi yake bwinobwino.

"Chabwino, bambo a ana. Ndavomera. Cholengedwa chimasintha."

Mtima wa a Ndiyambamawa unakhala m'malo, mpaka misozi inalengeza. "Ndinadziwa ine! Ndiye tizipita kunyumba? Msana wayamba kundiwawa."

"Alemba kuti zikuluzikuluzi zinathera pomwe zinali. Timene tinapulumuka ndi ting'onoting'ono, tomwe tinamera nthenga n'kuuluka."

"Ee, ee, nzeru zimenezo!"

Mayiyo anawakonzera kolala ya malaya, monga ankachitira masiku onse.

"Inu pitirizani kumera miyendo, bambo. Ine nthenga zamera kale."