Aticha Njobvu ndi Timakatoni ta pa Dooko

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1921 m'dera lino la Mphuka. Dzina lawo ndi a Valentino Chakanza Njobvu, koma nonse munkangowatchula kuti Aticha. Ine ndaimirira pano ndine Bonifasio, mng'ono wawo wa bere limodzi.

Sukulu anayamba mu 1931 ku Katondwe, ndipo mu 1945 anatsiriza kosi ya uphunzitsi. Mu 1948 anakwatira mayi Arminda a ku Zumbo. Mulungu anawapatsa ana awiri, Yosiya ndi Helena. Yosiya anamira pa Zambezi mu 1966, mayi Arminda natisiya mu 1974.

Zaka makumi atatu anaphunzitsa kalasi loyamba lokha, ndipo mkwapulo sanaugwirepo. Ankadula makatoni a sopo n'kulembapo mawu amene mwana amakumana nawo tsiku lililonse: madzi, bwato, mawa, pano, bwerani. M'mamawa ankabisa timakatonito m'mphanda za mitengo ya masau, pansi pa mabwato, m'ming'alu ya miyala. Belu likalira, ana onse liwiro kukasaka. Wotola kakatoni ankafuula liwulo nthawi yomweyo, osawerenga chilembo chimodzichimodzi. Akadodoma, kakatoni kankabisidwanso. Makolo tinkanyogodola kuti ana angosewera, koma ena mwakhala apa mumawerenga makalata chifukwa cha masewera omwewo.

Anapuma ntchito mu 1976. Mu Malichi 1978, ndege zankhondo za kutsidya kwa Zambezi zitaponya mabomba m'dera lathu, sukulu inatsekedwa, aphunzitsi n'kuthawa. Malemu anaopa kuti ana aiwala kuwerenga, choncho anayambanso masewera aja pakhomo pawo, ndipo ankabisa timakatoni mpaka kudooko.

Apa ndi pamene panalakwika zinthu. Anyamata olondera gombe, alendo kuno, anatola timakatoni titatu pansi pa bwato: bwerani, pano, mawa. Anati awa ndi mauthenga opita kwa adani. Malemu anatengedwa kukafunsidwa, nakhalako masiku asanu ndi anayi. Anawamasula atawapeza opanda mlandu, koma mudzi sunawamasule. Dzina loti kazitape linawakakamira. Makolo analetsa ana kuponda pakhomo pawo. Kutchalitchi ankakhala benchi lonse okha. Ngakhale wopempha moto ankalambalala nyumba yawo.

Koma taonani mtima wa munthu uyu! M'mawa uliwonse ankabisabe timakatoni kuzungulira bwalo lawo, n'kukhala pakhonde kudikira. Dzuwa likapendeka ankadzuka n'kukatolera okha. Anachita zimenezi chaka ndi theka, popanda mwana ndi mmodzi yemwe.

Mu Ogasiti chaka chino anayamba kudwala chifuwa. Helena ali ku Lusaka, ndipo msewu mukuudziwa mmene ulili masiku ano. Amene anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala ku Katondwe ndi msodzi wina wodutsa, dzina lake sitikulidziwa n'komwe. Aticha anamwalira pa 14 Okutobala 1979, pambali pawo palibe wachibale.

Abale, akulu amati mlandu suwola, ndiye ndiloleni ndinene nthaka isanawaphimbe. Tsiku lija anyamata aja anabwera kwa ine poyamba, timakatoni tili m'manja. Zolemba za akulu anga ndinazizindikira. Masewerawo ndinkawadziwa, ana anga omwe anaphunzirira pomwepo. Mawu awiri okha akanakwanira. Ndinachita mantha kuti anditengera kumodzi, ndipo ndinati sindikudziwa kanthu. Kuchokera pamenepo manyazi anandimanga miyendo. Nyumba yanga ndi iyo mukuionayo, koma sindinalowe pakhomo pano mpaka dzulo. Kalanga ine! A Valentino Njobvu sanagulitse munthu. Ankaphunzitsa ana athu kuwerenga, basi.

Malemu asiya mwana mmodzi, Helena, zidzukulu zitatu, ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza masisitere ndi anamwino a ku Katondwe amene anawasamalira, adzukulu okumba manda, amayi amene mwagona pano, ndi msodzi uja, kulikonse kumene ali. Nonse mwabwera, zikomo. Tachuluka lero, akulu anga, koma tachedwa. Mutikhululukire, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.